Mwana wanga akufuna kukathandiza ana amasiye ku Cambodia: ndimulole?

MayiWakuLeeds
Moni nonse pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa sabata ziwiri tsopano, ndipo ndikupempha amene akuidziwa bwino kuti andiunikire. Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 19, wamaliza sukulu ya sekondale kuno ku Leeds, m'dziko la Britain, ndipo akufuna kupuma chaka chimodzi asanayambe yunivesite. Wapeza pa intaneti kampani ina imene imatumiza achinyamata kukagwira ntchito yodzipereka m'nyumba zosungiramo ana amasiye ku Siem Reap, m'dziko la Cambodia. Akuti akakhala kumeneko sabata zitatu, kusewera ndi ana, kuwadyetsa ndi kuwaphunzitsa Chingerezi, ndipo ndalama imene akufuna ndi mapaundi 1,600, ndege ili padera. Theka la ndalamayi wasunga yekha pogwira ntchito m'sitolo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mtima wake wofuna kuthandiza sindikuukayika ngakhale pang'ono. Chimene chikundivuta n'chakuti kampaniyo sinam'funse kalata ya kupolisi, sinam'funse ngati anagwirapo ntchito ndi ana, yangomutumizira nambala ya akaunti. Ine ndine namwino, ndipo kuno munthu sayandikira mwana wa mwini m'chipatala asanafufuzidwe mbiri yake. Kodi ndimulole kapena ndimukanize?

AgogoAkuNtcheu
Mloleni apite, mayi. Masiku ano achinyamata ambiri amangoganiza za iwo eni, ndiye wanu akafuna kutumikira ana osowa muyenera kuthokoza Mulungu. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanatchulepo malire a dziko.

MlangiziWaAna
Agogo, mawu anu ndi aulemu ndipo mwambiwo ndi woona, koma ndiloleni nditsutsane nanu pa nkhani ya malo amene mtsikanayu akufuna kupitako. Ndagwira ntchito yoteteza ana kwa zaka zambiri, ndipo Cambodia ndi dziko limene timaphunzirirapo vuto limeneli. Kafukufuku amene boma la dzikolo linachita mothandizana ndi UNICEF, amene anatuluka mu 2011, anasonyeza kuti nyumba zosungiramo ana zinawonjezeka ndi 75 peresenti pakati pa 2005 ndi 2010 mpaka kufika 269, chikhalirecho nkhondo inali itatha kale ndipo chiwerengero cha ana amasiye sichinkakwera. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana pafupifupi atatu mwa anayi alionse a m'nyumbazo anali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo. Chimene chinkakwera m'zaka zimenezo ndi chiwerengero cha alendo odzaona dziko, ndipo Siem Reap ndi tauni imene aliyense wopita kukaona makachisi a Angkor Wat amafikirako.

Zimachitika motere. Munthu amapita kumudzi kwa banja losauka n'kulonjeza kuti mwana akaphunzira sukulu yabwino m'tauni. Makolo amavomera chifukwa cha umphawi, osati chifukwa chakuti mwanayo sakumufuna. Mwana akafika m'tauni amamutcha wamasiye, alendo amalipira kuti akhale naye, ndipo nyumba ikamaoneka yosauka kwambiri ndi pamenenso zopereka zimachuluka. Si nyumba zonse zimene zili ndi eni ake achinyengo, koma ndalama ya mlendo aliyense imalimbikitsa kuti mabedi asakhale opanda ana. N'chifukwa chake dziko la Australia, pokhazikitsa lamulo lake lolimbana ndi ukapolo wamakono mu 2018, linavomereza kuti kutengera ana m'nyumba zotere pofuna kupezerapo ndalama ndi mtundu wina wa kuzembetsa anthu. Mayi, ine ndikuti musamulole kupita ku nyumba imeneyo.

Nkhwazi82
Ndiye mukutanthauza kuti aliyense wothandiza ana amasiye ndi wozembetsa anthu? Mawu amenewo ndi olemera kwambiri.

MlangiziWaAna
Ayi, achimwene, sindinatero. Mtsikanayu alibe mlandu uliwonse, ndipo ambiri opita kumeneko amapita ndi mtima woyera. Ndikunena za kumene ndalama yake ikalowe ndi zimene ikalimbikitse iye atabwerako.

Ndinakuliramo
Sindimakonda kulemba pa gulu lino, koma nkhani iyi ndi ya moyo wanga. Ndinalowa m'nyumba yosungiramo ana kwathu ku Malawi ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo anga atamwalira, ndipo ndinatulukamo ndili ndi zaka 18. Mayi anga anali moyo nthawi yonseyi, kumudzi, ulendo wa maola atatu pa basi. Chaka chilichonse kuyambira mwezi wa June mpaka August tinkalandira alendo ochokera kunja, ena sabata ziwiri, ena mwezi. Galimoto ikamalowa pa geti tinkathamanga kukawagwira manja, ndipo alendowo ankaona ngati ndi chikondi chachikulu cha ana a ku Africa. Lero ndikudziwa kuti mwana wokula bwino pa mayi ake sathamangira munthu wachilendo, amayamba wabisala kumbuyo kwa chitenje. Ife tinkathamanga chifukwa tinalibe munthu wathuwathu, ndipo aliyense ankafuna kupeza wake alendo asanathe.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kunabwera mtsikana wina wa msinkhu wa mwana wanu, mayi. Anandiphunzitsa kuwerenga wotchi, ankandisungira malo pafupi naye pa nthawi ya chakudya, ndipo tsiku lonyamuka analira kwambiri n'kundilonjeza kuti adzandilembera kalata. Miyezi yotsatira ndinkapita ku ofesi Lachisanu lililonse kukafunsa ngati kwabwera kalata yanga. Pamene ndinkafika zaka 12 ndinali nditasiya kufunsa alendo mayina awo, chifukwa ndinaona kuti kudziwa dzina n'kudziwonjezera chisoni. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mwana wamng'ono sadziwa zimenezo, ndipo amaganiza kuti mlendoyo wachoka chifukwa iye walakwa.

Sukulu ndinaphunzira, sindingakane, ndipo lero ndili pa ntchito. Koma nditabwerera kumudzi sindinkadziwa kuti malume anga ndi ati, pa maliro ndinkakhala ngati wodutsa m'njira, ndipo munda wa bambo anga unali utagawidwa kale chifukwa anthu anandiiwala. Ndalama imene inkandisunga m'nyumba muja ikanapita kwa mayi anga, ngakhale gawo lochepa chabe, ndikanaphunzira sukulu yomweyo ndikugona pakhomo pathu.

MayiWakuLeeds
Achimwene, ndawerenga mawu anu kawiri ndipo misozi yatsika. Zikomo chifukwa chotiuza zimene zinali zovuta kunena.

WakuNsanje
Inenso ndinakulira m'nyumba yotere, ndipo ndikufuna kuti mbali inayo imvekenso. Makolo anga onse anamwalira, ndipo pa njala ya 2002 agogo anga anali ndi adzukulu asanu ndi anayi pakhomo, opanda ngakhale thumba limodzi la chimanga. Mng'ono wanga anamwalira chaka chimenecho. Amene ananditenga n'kundiika m'nyumba ya ana anapulumutsa moyo wanga, ndipo alendo amene ankabwera ndi amene ankabweretsa ndalama za chakudya ndi mankhwala. Mukamauza anthu kuti asiye kupita, muwauzenso kuti ana amene ali m'nyumbazo lero adya chiyani mawa. N'kosavuta kutsutsa nyumba za ana amasiye munthu utakhuta.

MlangiziWaAna
A WakuNsanje, funso lanu ndi lachilungamo ndipo sindilizemba. Kutseka nyumba mwadzidzidzi n'kuthamangitsa ana kungakhale nkhanza ina, ndipo pali ana ena amene kwa kanthawi alibedi kolowera. Malangizo a bungwe la United Nations a 2009 okhudza kasamalidwe ka ana amene sali ndi makolo awo sakuletsa malo otere kotheratu, koma akuti akhale njira yogwiritsidwa ntchito pokhapokha ikamuyenera mwanayo, ndiponso kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana pa banja lake. Taonani nkhani yanu yomwe: chimene agogo anu ankasowa chinali chimanga, osati chikondi. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, anakhazikitsidwa poganizira mabanja onga limenelo, a agogo olera adzukulu opanda wowagwirira ntchito. Dziko la Rwanda linasankha njira imeneyi mu 2012, ndipo kudzera m'ndondomeko yotchedwa Tubarerere mu Muryango, kutanthauza kuti tiwalerere m'banja, ana ambiri anabwezeredwa kwa abale awo kapena kupatsidwa mabanja owalera, pang'onopang'ono, alangizi akuwayendera. Ndalama zisaleke kubwera, koma zisinthe kolowera.

WakuNsanje
Ndamva, koma ndalama ya Mtukula Pakhomo ndi yochepa ndipo siifika kwa aliyense wovutika. Ndikuvomera kuti mlendo wa sabata zitatu sathandiza mwana kwenikweni, koma sindivomera kuti nyumba zonse ndi zoipa.

MphunzitsiWopuma
Ndiloleni ndiikepo mawu monga munthu amene anaphunzitsidwa ndi anthu odzipereka ochokera kunja, kenako n'kugwira nawo ntchito limodzi. A Peace Corps a ku America anayamba kubwera ku Malawi mu 1963, ndipo a ku Japan anayamba mu 1971. Amene anandiphunzitsa masamu ku sekondale anali mmodzi wa iwo, ndipo sindidzamuiwala. Komatu taonani kusiyana kwake. Iye anayamba waphunzira chinenero chathu ndi miyambo yathu asanaime kutsogolo kwa kalasi, anakhala zaka ziwiri, anali ndi digiri ya phunziro limene ankaphunzitsa, ankatsatira silabasi ya unduna, ndipo ankayang'aniridwa ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo monga wina aliyense. Ife madzulo tinkabwerera kwa makolo athu kapena ku malo ogona a sukulu, ndipo iye sankayesa kukhala mayi kapena bambo wa wina aliyense.

Tsono mwana wa zaka 19 amene sadziwa liwu limodzi la Chikhmer, chinenero cha ku Cambodia, akaphunzitsa chiyani m'sabata zitatu? Ndinaonapo sukulu ina imene alendo ankasinthana mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense wobwera ankayambira pa mitundu ya zinthu, manambala ndi ziwalo za thupi. Ana anatha chaka chonse akubwereza phunziro loyamba lomwelo. Kuphunzitsa ndi ntchito imene munthu amaiphunzira, ndipo ana osauka ndi amene amafunika mphunzitsi waluso koposa, chifukwa alibe wina wowakonzera zolakwika kunyumba.

Nkhwazi82
Pamenepo ndagwirizana nanu, aphunzitsi. Komabe mtsikanayu akapita adzatseguka maso, adzaona umphawi weniweni, ndipo mwina moyo wake wonse udzasintha. Kodi zimenezo zilibe phindu?

Ndinakuliramo
Phindu lilipo, koma ndi la mtsikanayo. Ife amene tinkatsala pa geti tinali maphunziro a anthu ena, ndipo palibe anatifunsa ngati tikufuna kutero.

NamwinoWaku_Bulawayo
Ndikufuna kubwerera pa mfundo imene mayi anaitchula poyamba, ya kalata ya kupolisi, chifukwa kwa ine imeneyo yokha ndi yokwanira kukana. Khomo limene latsegukira mwana wanu popanda kumufunsa kanthu latsegukiranso munthu wina aliyense amene ali ndi ndalama yolipira. Richard Huckle, mzika ya Britain, ankadzionetsa ngati mphunzitsi wa Chingerezi wodzipereka ndiponso munthu wopemphera pakati pa mabanja osauka ku Kuala Lumpur m'dziko la Malaysia, ndipo mu 2016 khoti la ku London linamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse chifukwa chogwiririra ana ambiri. Anthu otere amasankha dala malo amene ana ndi osauka ndipo alendo safunsidwa mafunso. Ku Britain kuli chikalata chotchedwa International Child Protection Certificate, chimene apolisi amapereka kwa anthu ofuna kukagwira ntchito ndi ana kunja kwa dzikolo, ndipo bungwe lililonse loona mtima limafuna chikalata chotere kapena chofanana nacho. Mayi, alembereni a kampaniyo muwafunse zinthu izi: ngati nyumbayo inalembetsedwa ku boma la Cambodia, ngati ali ndi malamulo olembedwa oteteza ana, ngati mlendo amaloledwa kukhala yekha ndi mwana, ngati amaloleza kujambula ana n'kuika zithunzi pa Facebook, ndiponso kuti pa mapaundi 1,600 aja ndi angati amene amafika kwa anawo. Mayankho awo adzakuuzani zambiri.

KamtsikanaKaKawale
Pepani kuti ndikupatutsa nkhani pang'ono. Ine ndili ku Lilongwe, ndili ndi zaka 23 ndi dipuloma ya chitukuko cha m'madera, ndipo ndakhala ndikuthandiza pa sukulu ya mkombaphala ya kwathu kwa zaka ziwiri popanda malipiro. Kodi ife a kuno tingathe kupita kunja kukagwira ntchito yodzipereka ndi ana, kapena mwayi umenewu ndi wa ana a ku Ulaya okha?

MlendoKuBonn
Achemwali, njira zilipo ngakhale ndi zopapatiza. Ine ndinabwera ku Germany koyamba monga wodzipereka, ndipo ndinagwira ntchito chaka chathunthu pa malo osamalira ana aulumali masana. Boma la kuno lili ndi ndondomeko yotchedwa weltwärts, imene inayamba mu 2008 potumiza achinyamata a ku Germany ku mayiko osauka, ndipo kuyambira 2013 inatsegulanso njira yakuti achinyamata a ku Africa, Asia ndi Latin America azibwera kuno. Imalandira a zaka 18 mpaka 28, ndipo munthu amafunsira kudzera ku bungwe la m'dziko lake limene lili pa ubale ndi bungwe la kuno. Palinso Bundesfreiwilligendienst, ntchito yodzipereka ya boma imene inayamba mu 2011, imene imalandiranso anthu akunja ndipo ilibe malire a zaka kwa akuluakulu. Zimene mumalandira ndi pogona, chakudya, inshulansi ya zaumoyo ndi kandalama kochepa ka m'thumba. Si malipiro, ndipo amene akuganiza kuti adzamanga nyumba kumudzi ndi ndalama imeneyo adzakhumudwa.

Chimene ndikufuna kuti gulu lino lione ndi mmene anandilandirira. Anandifunsa kalata ya kupolisi ya kwathu, anandifunsa mafunso kawiri pa kanema wa pa intaneti, anandiuza kuti ndiyambe kuphunzira Chijeremani ndisananyamuke, ndipo nditafika sanandisiye ndekha ndi ana mpaka ataona kagwiridwe kanga ka ntchito. Foni inkakhala m'kabati nthawi yonse ya ntchito, chifukwa kujambula mwana popanda chilolezo cha makolo ake ndi nkhani yaikulu kuno. Ntchito yanga inali kuthandiza aphunzitsi ophunzitsidwa bwino: kudyetsa, kusintha zovala, kukankha njinga za ana, kukolopa. Poyamba zinandiwawa, ndinkaona ngati sakundikhulupirira chifukwa ndine wa ku Africa, mpaka ndinaona kuti achinyamata a ku Germany ankadutsa momwemo. Ndiye ndinadzifunsa chifukwa chimene ife timalolera kuti munthu wotsika ndege lero anyamule khanda la kwathu mawa lake, pamene kwawo sangaloledwe ngakhale kulowa pa geti ya sukulu ya mkaka.

MzikaYaAfrica
Kuwonjezera pa zimenezo, achemwali a ku Kawale, musayang'ane ku Ulaya kokha. Bungwe la African Union lili ndi gulu la achinyamata odzipereka limene linakhazikitsidwa mu 2010, lolandira a zaka 18 mpaka 35 amene ali ndi maphunziro opitirira sekondale, ndipo limawatumiza kukatumikira chaka chimodzi m'dziko lina la mu Africa momwemuno. Palinso United Nations Volunteers, amene likulu lawo lili ku Bonn, ndipo kulembetsa pa tsamba lawo n'kwaulere. Ngati mtima wanu uli pa ana aulumali, fufuzani za midzi ya Camphill, imene inayambitsidwa ndi dokotala wa ana Karl König pafupi ndi Aberdeen ku Scotland mu 1940, ndipo ilinso ku Hermanus ku South Africa ndi ku Otse ku Botswana. Wofuna kupita ku Britain adziwe kuti viza ya ogwira ntchito yachifundo imafuna kuti bungwe lovomerezeka ndi boma likuitaneni ndi chikalata chake, siipitirira miyezi 12, ndipo siilola kulandira malipiro pa ntchitoyo.

BamboWakuMzimba
Ndikuchenjezeni ana athu onse amene mukuwerenga: munthu akakulemberani pa WhatsApp kuti wakupezerani malo ogwira ntchito yodzipereka kunja, mungotumiza ndalama ndi pasipoti, thawani. Tonse tinamva za amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015, koma lamulo silikutsatirani m'nyumba ya munthu kutsidya kwa nyanja. Safunsa anadya phula.

KamtsikanaKaKawale
Zikomo nonse, ndalemba zonsezi. Sindinkadziwa kuti zaka ziwiri zanga za ku mkombaphala zingawerengedwe ngati luso.

MlendoKuBonn
Zimawerengedwa kwambiri, achemwali. Pemphani komiti ya sukuluyo ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu kuti akulembereni makalata a umboni, ndipo muwasunge bwino.

MphunzitsiWopuma
Tibwerere kwa mayi a ku Leeds, chifukwa funso lawo silinathe. Tawauza chimene mwana wawo asachite, koma sitinawauze chimene achite, ndipo kukaniza wachinyamata popanda kumuonetsa njira ina n'kuzimitsa moto umene tikanaphikira.

MlangiziWaAna
Zoona, aphunzitsi. Ndisanayankhe, ndiwonjeze chinthu chimodzi chimene mayi monga namwino adzachimvetsa. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa ku Romania mu 1989, dziko lonse linaona ana oposa 100,000 ali m'nyumba za boma. Patapita zaka, akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba za ku Bucharest, theka lawo n'kuikidwa m'mabanja owalera, ndipo anapeza kuti amene analowa m'banja, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri, anakula bwino m'nzeru, m'chilankhulo ndi m'kukhulupirira anthu kuposa amene anatsala. Chimene mwana wamng'ono amafuna ndi munthu mmodzi wokhazikika amene amamuyankha akalira, lero, mawa ndi chaka chamawa. Manja ambiri osinthanasinthana sangalowe m'malo mwa munthu ameneyo, ngakhale manjawo akhale achifundo chotani.

Tsono kwa mtsikanayu ndinganene izi. Ku Leeds komweko kuli achinyamata ovutika, kuli ana a mabanja othawa nkhondo amene akufuna wowathandiza homuweki ndi Chingerezi, kuli magulu a achinyamata amene akusowa anthu. Ayambe kumeneko, sabata ndi sabata kwa chaka chathunthu, afufuzidwe mbiri yake monga lamulo likunenera, aphunzire kuteteza ana pansi pa anthu odziwa. Ngati akufuna kuona Cambodia, apite monga mlendo woona dziko, agone ndi kudya m'malo a anthu a komweko kuti ndalama yake ithandize makolo kulera ana awo, ndipo asalowe m'nyumba ya ana ngakhale woyendetsa tuk-tuk, njinga yamoto yonyamula anthu, atamuuza kuti ana avina madzulo. Bungwe la Friends International, limene linayambira ku Phnom Penh, lakhala likuphunzitsa alendo kwa zaka zambiri kuti ana si zinthu zokaona pa ulendo. Akadzamaliza maphunziro, kaya a uphunzitsi, unamwino kapena zolimbitsa ziwalo za ana aulumali, adzapite kwa chaka kapena ziwiri kudzera ku bungwe limene laitanidwa ndi anthu a komweko, akagwire ntchito pambali pa antchito a m'dzikomo ndi kuwasiyira luso.

AgogoAkuNtcheu
Ndawerenga zonse ndipo ndabweza mawu anga oyamba aja. Sindinkadziwa kuti ana ambiri a m'nyumbazi ali ndi makolo. Kwathu kale mwana wamasiye ankatengedwa ndi azakhali kapena amalume, ndipo mawu akuti nyumba ya ana amasiye tinayamba kuwamva kwambiri matenda a Edzi atatha anthu m'midzi. Koma mayi, mumuuze mwanayo mofatsa, chifukwa chimene chamutuma ndi chifundo, ndipo chifundo sachikalipira. Ngati ali ndi agogo kumudzi, abwere adzakhale nawo miyezi ingapo, aphunzire bwino chinenero cha makolo ake, aone mmene amayi a mkombaphala amaphikira phala la ana makumi asanu ndi nkhuni zotola okha.

Nkhwazi82
Agogo, kodi akabwera ku Malawi n'kumakathandiza pa mkombaphala, sizikhala chimodzimodzi ndi za ku Cambodia zija?

MlangiziWaAna
Zimasiyana pa mfundo yaikulu, achimwene: ana a mkombaphala amabwera m'mawa n'kubwerera kwa makolo awo masana, ndipo alezi awo ndi amayi a m'mudzi momwemo amene sachoka. Komabe malamulo ndi omwewo. Apemphe chilolezo kwa komiti ndi kwa amfumu, asakhale yekha ndi ana, asawajambule, asalonjeze mwana chilichonse, ndipo agwire ntchito imene alezi amupatsa, ngakhale ikhale yotunga madzi. Kukhala mwana wa Mmalawi sikumuchotsera udindo umenewu.

MayiWakuLeeds
Ndabweranso patapita masiku anayi kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinalembera kampani ija mafunso amene anamwino anzanga a ku Bulawayo anandipatsa. Anayankha mwaulemu, koma pa funso la ndalama anangoti zimathandiza ntchito zawo zonse, pa funso la kulembetsa ku boma sanayankhe, ndipo anawonjezera kuti malo atsala ochepa, tilipire msanga. Mapaundi 200 amene mwana wanga anapereka kale monga chikole akuti sabweza.

Kukambirana ndi mwanayo sikunali kophweka. Poyamba anakwiya, anati ndikumuona ngati mwana wakhanda ndiponso kuti anzake awiri anapita chaka chatha n'kubwerako osangalala. Sindinalimbane naye. Ndinangomumasulira mawu a achimwene a Ndinakuliramo, chiganizo ndi chiganizo, chifukwa Chichewa chake n'chosakwanira kuwerenga yekha. Atamva za wotchi ija anakhala chete nthawi yaitali. Dzulo wapita kukalembetsa ku gulu lina la kuno limene limathandiza ana a mabanja othawa kwawo pa maphunziro, ndipo amuuza kuti adikire kufufuzidwa asanayambe. Za ulendo sanagamule, akuti mwina apita kwa agogo ake ku Dedza mwezi wa April, koma Cambodia sanaichotse mumtima. A WakuNsanje, mawu anunso ndinamuwerengera, ndipo wati ndalama imene wasunga sadya yekha, afuna bungwe lothandiza mabanja kuti ana asachoke pakhomo. Wandituma funso limodzi kwa inu, achimwene a Ndinakuliramo, ndipo mukhululuke ngati likupweteka: kodi kalata ija inadzabwera?

Ndinakuliramo
Siinabwere, mayi. Sindimusungira chakukhosi, chifukwa nayenso anali mwana ndipo palibe anamuuza kuti asalonjeze. Mumuuze mtsikana wanu kuti ana amene akawathandize ku Leeds akawauze tsiku loyamba lomwe kuti adzakhala nawo mpaka liti, ndipo tsiku limenelo likadzafika adzatsanzike bwinobwino, asadzangosowa. Mayi anga ali moyo mpaka lero, akalamba, ndipo mwezi wamawa ndikupita kukawafolerera nyumba mvula isanayambe.